Zitsamba ndi khansa: musathamangire kuwiritsa masamba

Amene amati mankhwala ena a khansa anachokera ku zomera sakunama ayi. Vinblastine ndi vincristine amatengedwa m'masamba a duwa lotchedwa Catharanthus roseus, lomwe kwawo ndi ku Madagascar. M'zaka za m'ma 1950, Robert Noble ndi Charles Beer, akatswiri a ku Canada, ankafufuza ngati duwali lingathandize odwala shuga. Shugayo sanatsike, koma anaona kuti maselo oyera a m'magazi a makoswe akuchepa, ndipo vinblastine anatulukira pamenepo; vincristine anapezeka pambuyo pake. Lero vincristine akupulumutsa ana ambiri odwala khansa ya m'magazi.

Ndiye wina nkumati, bwanji ndingothyola masambawo nkuwiritsa? Musatero. M'tsamba, mankhwala ofunikawo ndi ochepetsetsa, ndipo asakanikirana ndi zina zambiri zovulaza thupi. Kuchipatala amawasefa, amawayeza molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwalayo, kenako amawalowetsa mumtsempha, kwinaku akuyang'anira magazi ake. Mumphika mulibe muyezo wotere. Tsamba la m'chilimwe ndi la m'dzinja mphamvu zake sizifanana, ndipo inu simungazione ndi maso.

Mukamvanso zoti madzi a chomera chakutichakuti apha maselo a khansa m'labotale, musafulumire kusangalala. Kupha maselo m'kambale sikovuta, ngakhale mankhwala otsukira pansi amawapha. Chovuta ndi kupha khansa osawononga chiwindi ndi impso za munthu.

Za impsozi ndi zimene zimandidetsa nkhawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi omwe munali chitsamba cha Aristolochia, ndipo ena mwa iwo anadzadwala khansa ya m'njira ya mkodzo.

Ngati mukumwa chitsamba chilichonse muli pa chithandizo cha khansa, muuzeni dokotala, musabise. Tengani botololo kapena masambawo mukawaonetse. Chitsamba monga St John's wort chimafooketsa mankhwala a khansa a irinotecan ndi imatinib, wodwala nkumadabwa kuti bwanji sakupeza bwino. Musasiye mankhwala akuchipatala chifukwa cha lonjezo la wogulitsa zitsamba. Mukaona maso achita chikasu, mapazi akutupa kapena mkodzo wachepa, siyani kumwa chitsambacho ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.