Momwe mungapewere kuti kanema wa pa kamera asaonongeke pomubena pa DVD

Kanema wa ukwati wa mchemwali wanga, womwe unachitikira m'mphepete mwa nyanja ku Monkey Bay, ankaoneka bwino pa kamera. Titamubena pa DVD, madzi a m'nyanja anangosanduka timabokosi, maluwa a pansalu ya ukwati ngati phala. Kamera inalibe mlandu. Mnyamata amene anatibenera anaunjika maola anayi pa disiki imodzi.

Choncho yambani ndi kuwerenga maola. DVD wamba imasunga 4.7 GB. Ola limodzi limatuluka loyera, maola awiri ndi apakatimpakati, koma mukapitirira apo pulogalamu imayamba kufinya chithunzi kuti chikwane. Zimene zimayamba kuonongeka ndi zoyenda: mafunde, masamba a mitengo, amayi akuvina manganje. Gawani. Mwambo wa kutchalitchi kapena kumzikiti ukhale ndi disiki yake, perekaniperekani, poti sachedwa kudya maola atatu, ayikidwe pa ina. Apo ayi gulani DVD ya 8.5 GB.

Kenako funsani kuti kanemayo analowa bwanji mu kompyuta, chifukwa ambiri amapweteka pomwepa. Kamera ya tepi ya MiniDV imafuna waya wa FireWire, womwe a Sony amautcha i.LINK. Ola limodzi likakopedwa bwino limadya pafupifupi 13 GB. Mukapeza kafayilo ka 700 MB, dziwani kuti zinathera pakhomo, ndipo palibe chomwe kubena kungakonze. Waya wachikasu uja wolumikizira ku TV umafooketsa mitundu. Pa kamera za Hi8, ngati pali bowo la S-Video, gwiritsani limenelo. Ngati kamera ndi ya khadi, kopani fayilo kuchoka pa khadi penipeni, osati imene yadutsa pa WhatsApp.

Posintha fayilo kuti ikhale ya DVD, sankhani mtundu wa kanema wotchedwa PAL: 720 x 576, zithunzi 25 pa sekondi. Ndiyo ya kuno. Koma kamera yochokera ku America imajambula mtundu wina, wa NTSC, ndipo kuikakamiza fayilo yake kukhala PAL kumachititsa kanema kudukizadukiza. Isiyeni choncho, ma DVD player ambiri amawerenga zonse ziwiri. Sinthani kamodzi kokha, kuchokera ku fayilo yoyamba. Anthu akamanjenjemera poyenda pa TV, onani mu pulogalamu yosinthira fayilo pomwe palembedwa field order: kanema wa MiniDV amafuna bottom field first.

Mizere yodutsa pachithunzi kawirikawiri ndi fumbi pa mutu wa kamera (kachipangizo kowerenga tepi) kapena tepi yomwe yadwala ndi kutentha ndi chinyezi cha kunyanja kuno. Yendetsani kaseti yotsukira kwa masekondi ochepa musanakope.

Benani pa liwiro la 4x kuti disiki isamadumphe, ndipo muiyese pa TV musanalipire. Kanema wa HD, wa 1920 x 1080, sangaoneke chimodzimodzi pa DVD ngakhale mutatani, ndiye fayilo yoyamba ija muisunge pa fulashi.