Musagulitse soya yense: mawu kwa makochi ndi osewera mpira ku Kasungu

Mwezi wa Okutobala ukafika, mabwalo a ku Santhe, Chamama ndi Mtunthama amangoti fumbi koboo, dzuwa likuswa mtengo. Chigawo choyamba anyamata amathamanga ngati agwape. Chigawo chachiwiri miyendo yalemera, wina wagona pansi minofu yakokana, ochemerera ayamba kunong'onezana zakuti timu inayo yabwera ndi mankhwala. Koma mukamufunsa mnyamatayo kuti wadya chiyani, yankho lake ndi tiyi ndi mandasi awiri m'mawa, kenaka kabotolo ka energy drink polowa m'bwalo. Vuto lagona pamenepo, a kochi.

Minofu imasunga mphamvu zochokera ku zakudya zokhutitsa, ndipo nkhokwe yakeyo ndi yaing'ono: munthu akathamanga kwambiri kwa ola limodzi ndi theka imakhala itatsala pang'ono kutha. Choncho nsima ya dzulo madzulo ndi imene imasewera mpira wa lero. Wosewera adye mokhuta usiku, ndipo pa tsiku la masewero adyenso kutatsala maola 3 kapena 4: nsima ya mgaiwa, mpunga, chinangwa kapena futali, ndiwo zake zosachuluka mafuta. Tchipisi cha pachiwaya chimachedwa kugayika, chidikire masewero athe. Kukatsala ola limodzi, nthochi ziwiri kapena kapu ya thobwa zakwana.

Tsopano nkhani ya zomanga thupi, imene imandipweteka mtima. Boma lino timalima soya ndi mtedza wambiri, koma mavenda akangoika sikelo, timagulitsa mpaka thumba lomaliza. Pakapita miyezi iwiri, mnyamata yemweyo akusunga ndalama zoti akagule chitini cha ufa wa mapuloteni ku Lilongwe chifukwa waona wina pa Facebook atatupa mikono. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu wochita masewero amafunika magalamu 1.2 mpaka 2 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti afunika pakati pa magalamu 72 ndi 120. Mu magalamu 100 a soya wouma muli pafupifupi magalamu 36, mu mtedza wochuluka chimodzimodzi muli pafupifupi 25, ndipo dzira limodzi lili ndi 6. Phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya m'mawa, usipa masana, nyemba ndi nkhwani wotendera madzulo, chiponde pang'ono ndi dzira, muyeso uja wakwana popanda chitini.

Soya asadyedwe wosapsa. Muli zinthu zina zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni ndipo zimatupitsa mimba, koma moto umaziwononga. Mukazingeni kapena mumuwiritse bwino, aume, kenaka mupite naye kuchigayo. Mtedza nawo sankhani. Wachuku ndi wonyala tayani, musaupere nsinjiro, pakuti poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika.

Masewero akatha, musalole osewera abalalike ndi njala. Ngati pa ndalama za bonanza pali kangachepe, gulani nthochi, thobwa ndi mtedza wokazinga adyere pabwalo pomwepo, chakudya chenicheni chikawapeze kunyumba.

Madzi ndiwo timawanyozera kwambiri. Thukuta likachotsa magawo 2 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi, liwiro limatsika ndipo mutu suganizanso bwino. Kwa mnyamata wathu wa makilogalamu 60 uja, ameneyo ndi madzi ongopitirira lita imodzi, amene pa dzuwa la Kasungu amatuluka chigawo chachiwiri chisanafike pakati. Ayambe kumwa kuyambira m'mawa, osadikira ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Pa nthawi yopuma mutha kukonza nokha chakumwa: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zakumwa za m'mabotolo zija ndi shuga ndi caffeine basi. Caffeine anachotsedwa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa pamasewero mu 2004, inde, ndipo amagalamutsa munthu kwa kanthawi, koma akachuluka mtima umagunda mothamanga, tulo timasowa, ndipo kwa ana a sukulu ine ndimakaniza ndithu.

Atsikana a mpira wamanja, inu samalani za magazi. Mwezi uliwonse thupi limataya ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, ndipo akachepa mumapuma wefuwefu msanga ngakhale mukudya mokhuta. Bonongwe, chisoso, nyemba, chiwindi ndi tinsomba tating'ono todya ndi mutu womwe zimathandiza. Mukatha kudya, tsatizani gwafa kapena mango kuti ayironiyo alowe bwino, ndipo tiyi adikire ola limodzi chifukwa amatchinga. Mapiritsi a ayironi mumwe pokhapokha achipatala atakuyezani magazi.

Sindikunena kuti zonse za m'zitini ndi zabodza. Ufa wina wotchedwa creatine unafufuzidwa kwambiri, ndipo magalamu 3 mpaka 5 patsiku amathandizadi pa mphamvu za kanthawi kochepa, monga kunyamula zitsulo ndi kuthamanga mtunda waufupi. Koma amathandiza wamkulu amene akudya kale mokwanira. Choopsa ndi zitini zosadziwika kochokera, zimene zina zimapezeka zitasakanizidwa ndi ma steroid, mankhwala oletsedwa okulitsa minofu, osalembedwa pachikuto. Bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pamasewero la World Anti-Doping Agency, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limatulutsa mndandanda watsopano wa zoletsedwa umene umayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale chaka chilichonse, ndipo lamulo lake ndi lakuti chimene chapezeka m'thupi mwako mlandu ndi wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe. Mwana amene mukumulera pano mawa akhoza kuitanidwa ku Flames kapena ku Queens, n'kukagwa pa kuyezedwa chifukwa cha ufa umene anagula pamsika.

Tramadol, mankhwala opha ululu, naye analetsedwa pa mpikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024, ndipo amamanga munthu chizolowezi. Palinso khalidwe lomwa ibuprofen kapena diclofenac asanalowe m'bwalo kuti bondo lisamveke. Mankhwala amenewa akakumana ndi thupi louma madzi amavulaza impso, komanso amanyula m'mimba. Wosewera amene akufuna piritsi kuti athe kuthamanga ndi wovulala ameneyo, a kochi. Akhale pabenchi, Lolemba mupite naye kuchipatala.