Musanagule galimoto yamagetsi, yambani mwachita masamu awa

Ntchito yanga kuno ku Leeds ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye tsiku lililonse ndimayenda mamailosi 40 kapena 60, kutuluka khomo ili kukalowa linalo. Kamodzi pamwezi ndimatsika ndi msewu wa M1 kukaona achemwali ku London, ulendo wa mamailosi pafupifupi 200. Inde, kunonso kuli M1, ndipo mtundawo sukusiyana kwenikweni ndi wa Lilongwe kukafika ku Blantyre, kungoti kuno kulibe pa Lizulu poti munthu n'kuima kugula kabichi. Petulo atandimaliza m'thumba ndinagula Kia e-Niro yakaunjika, ya batire ya 64 kWh. Kuyambira pamenepo anzanga kutchalitchi funso lawo ndi limodzi: ikadzaza imafika pati?

Yankho la ogulitsa musalitenge lonse. Nambala imene amalemba papepala imachokera ku mayeso otchedwa WLTP, ochitikira m'chipinda chofunda madigiri 23, kopanda mvula, kopanda chitunda. Papepala e-Niro imayenda mamailosi 282, galimoto ina yamagetsi yotchedwa MG4 Long Range 281. Nambalazi n'zothandiza poyerekeza galimoto ziwiri, basi. Ulendo wanu muwerengere nokha.

Masamu ake ndi osavuta. Nambala ya kWh ndiyo kukula kwa batire, ngati kukula kwa thanki. Pa dashibodi pamaoneka nambala ina yosonyeza mamailosi amene galimoto ikuyenda pa kWh imodzi. Chulukitsani ziwirizi. Yanga m'chilimwe, ndikamazungulira m'tauni, imandipatsa 4 kapena kuposera apo, ndiye 64 kuchulukitsa ndi 4 ndi mamailosi 256. Mu Januwale, pa M1, hita ili mkati, imatsika kufika pa 3, kutanthauza mamailosi 192. Ndipo paulendo wautali munthu sudzaza mpaka pakamwa, chifukwa batire ikadutsa 80 peresenti imayamba kumwa magetsi mwaulesi. Sufunanso kuti itsike kupitirira 10 peresenti. Pakati pamenepa pali 45 kWh, mamailosi ngati 135 nthawi yozizira. Imeneyi ndiyo nambala yoti muifunse mtima wanu ngati ikukwanirani.

Ine ndinaphunzira izi ndi thukuta la mantha. Tsiku lina lozizira ndinadutsa malo otchajira awiri ndikudalira nambala ya papepala, n'kufika pachitatu ndi 6 peresenti. Makina amodzi anali akufa, enawo anali ndi anthu. Ndinakhala ola lathunthu hita nditazima, manja m'khwapa.

Tsopano pa kapangidwe, pomwe ambiri timanamizika. Chodula kwambiri m'galimoto yamagetsi ndi batire. Choncho galimoto yotchipa yoti ipite patali siyenera kukhala ya batire yaikulu, koma yosawononga magetsi. Mdani wamkulu ndi mphepo. Liwiro mukaliwirikiza kawiri, mphepo imakukanizani kanayi. N'chifukwa chake galimoto yaitali msinkhu, yamphumi yotakata ngati khoma, imameza magetsi pamsewu waukulu kuposa yaifupi yosalala, ngakhale mabatire awo ali ofanana. Mawilo aakulu onyezimira aja, amene ife Amalawi timawakonda, nawonso amadya mamailosi, ndipo matayala ake ndi odula. Sankhani aang'ono. Bokosi la padenga muzilichotsa mukabwera kuulendo. Ndipo ngati batire ikukuthera panjira, tsitsani liwiro kuchoka pa mamailosi 70 pa ola kufika pa 60, mudzaona nambala ya batire ikusiya kutsika mothamanga.

Funsaninso za chotenthetsera. Injini ya petulo imatentha yokha, kutenthako timangokulandira ulele. Yamagetsi kutentha kulikonse kumachokera mu batire yomweyo. Galimoto zina zili ndi heat pump, makina ogwira ntchito ngati firiji yotembenuza, otenga kutentha panja n'kukulowetsa mkati ndi magetsi ochepa. Kuno kumpoto kwa England n'chinthu chofunika, ndipo si mtundu uliwonse wa galimoto imodzimodziyo umene uli nacho, ndiye onani mapepala ake. Ine m'mawa ndimatenthetsa galimoto ikadali pa waya, kenako panjira ndimadalira mpando wotentha.

Za mabatire ndinene mwachidule: ali m'mitundu iwiri ikuluikulu, malinga ndi zopangira zake. Pali a LFP, monga a MG4 ya 51 kWh ndi BYD Dolphin: ndi otchipa, olemera, ndipo sadandaula kudzazidwa mpaka 100 peresenti. Pali a NMC, monga yangayi, osunga magetsi ambiri pa kulemera komweko. Amenewa masiku wamba muzilekezera pa 80.

Kenako gwadani muone pakamwa potchajira. Zambiri ku Ulaya zili ndi pulagi ya CCS. Nissan Leaf yakaunjika mudzaipeza pa mtengo wokoka mtima, koma ili ndi pulagi ya CHAdeMO, imene malo atsopano ambiri otchajira akuisiya, ndipo batire yake sizizidwa ndi madzi, choncho mukaitchaja mwachangu kangapo tsiku limodzi imatentha n'kuyamba kuchedwa. Kwa munthu wongozungulira m'tauni ndi galimoto yabwino. Kwa wa maulendo a ku London, ayi. Pa Renault Zoe funsani zinthu ziwiri: ngati ili ndi CCS, chifukwa zina zilibe, komanso ngati batire ndi yogula kapena yalendi, chifukwa zakale zambiri batire yake inkalipiridwa pamwezi.

Koma funso limene limaweruza zonse ndi lakuti: usiku galimoto igona pati? Ngati pakhomo pali poimika, tchaja ya 7 kW imadzaza batire ya 64 kWh m'maola pafupifupi 9, inu muli mtulo, pa magetsi otchipa ausiku. Ngakhale soketi wamba ya mano atatu, ya 2.3 kW, m'maola 10 imakupatsani 23 kWh, zokwanira ntchito yanga ya tsiku lonse n'kutsalako. Magetsi apanyumba msonkho wake wa VAT ndi 5 peresenti, a kumalo otchajira apamsewu ndi 20, ndipo makina otchaja mwachangu aja mtengo wake pa mailosi umatha kufanana ndi petulo. Ngati mukukhala m'nyumba zogundizana zija zopanda bwalo, kapena eninyumba akukana tchaja, musathamangire. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu Epulo 2025 galimoto zamagetsi nazonso zimalipira msonkho wa pamsewu, ndipo mtengo wa inshuwalansi muufunsiretu musanapereke ndalama.

Tsiku lokaiona, pemphani lipoti la thanzi la batire, losonyeza kuti yatsala ndi maperesenti angati a mphamvu yake yoyamba. Funsani zaka ndi mamailosi otsala pa waranti ya batire. Onani kuti mawaya onse awiri otchajira, wa pa soketi wamba ndi wa pa tchaja, alimo, chifukwa kugula padera kumawawa. Yang'anani matayala, poti galimoto izi n'zolemera ndipo zimawadya. Muiyendetse pamsewu waukulu kwa mphindi 20, maso ali pa nambala ija ya mamailosi pa kWh. Ndipo tengani katundu amene mumanyamula masiku onse. Ine ndinapita ndi njinga ya olumala yopinda. Buti ya e-Niro ndi malita 451, ya MG4 ndi 363, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kunandisankhira galimoto.

Malume ku Area 25 akhala akundiumiriza kuti ndiwatumizire ina pa sitima. Chiwongolero chili mbali yomweyo, soketi n'zofanana, dzuwa la sola ndiye losasowa. Ndinawapatsa ntchito zitatu: apeze potchajira pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, apeze makaniko wophunzira kugwira batire ya mavoti pafupifupi 400, ndiponso ayeze mahampu a msewu wa kwawo, poti batire imakhala pansi pa galimoto, pomwe pamakhula paja. Ya mahampuyo anayeza tsiku lomwelo, ndi ndodo ya tsache.