Momwe mungasamutsire mafayilo pakati pa malaputopu awiri akale ndi chingwe chimodzi

Laputopu ikakalamba, chodetsa nkhawa si makinawo ayi koma zimene zili m'katimo: zithunzi za ukwati, malipoti a kuntchito, nyimbo za kwaya, zolemba za kusukulu. Ambiri amathamangira fulashi. Koma kusamutsa mafayilo a 60 GB ndi fulashi ya 8 GB kumatha tsiku, ndipo fulashi yofomatidwa mu FAT32 imakana fayilo yopitirira 4 GB. Komanso fulashi yoyendayenda m'makompyuta a anthu ndiyo imabweretsa kavairasi kaja kobisa mafoda n'kusiya mashotikati. Ine njira imene ndimaidalira ndi kulumikiza malaputopu awiriwo ndi chingwe cha netiweki. Sipafunika intaneti, bandulo kapena rauta.

Yambani ndi chingwe

M'mbali kapena kumbuyo kwa laputopu kuli bowo lofanana ndi la lamya ya m'nyumba koma lokulirapo. Limeneli ndi la Ethernet, ena amati LAN. Zingwe zolowa pamenepo zilipo za mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali chingwe wamba, cha straight, cholumikizira kompyuta ku rauta. Ndiye pali cha crossover, chimene mawaya ake anawasinthanitsa kuti otumiza a kompyuta ina akumane ndi olandira a inzake.

Kuti mudziwe chimene mwagwira, ikani mitu iwiri ya chingwe pamodzi moyang'ana mbali imodzi, muone mawaya asanu ndi atatu ali m'katiwo. Ngati mitundu yawo yandandalikidwa mofanana, ndi cha straight. Ngati mutu wina wayamba ndi waya wa olenji pomwe wina wayamba ndi wobiriwira, ndi cha crossover.

Laputopu imodzi yokha ikakhala ndi bowo lothamanga kwambiri lotchedwa Gigabit, chingwe chilichonse chigwira, chifukwa bowo la Gigabit limazindikira lokha mmene mawaya alili. Koma makina akale ambiri ndi a Fast Ethernet, a 10/100, ndipo ena mwa iwo sadziwa zimenezo. Mutha kuona mtundu wake mu Device Manager, pansi pa Network adapters. Langizo langa ndi lakuti mungogula cha crossover, mtima ukhale m'malo. Amisiri okonza makompyuta amatha kukupangirani pomwepo mukudikira.

Chonde musalumikize malaputopu awiri ndi chingwe cha USB wamba cha mitu yofanana. Mbali zonse ziwiri zimatulutsa magetsi, ndipo mutha kuwotcha mabowo onse awiri.

Patsani laputopu iliyonse nambala yake

Lumikizani makina onse ku magetsi, zimitsani Wi-Fi, kenako lowetsani chingwe mpaka chimveke kuti "kha". Ngati bowolo lili ndi timagetsi, tiyake. Tikapanda kuyaka, vuto ndi chingwe kapena bowo, ndiye musataye nthawi ndi Windows.

Pa laputopu yoyamba, yakale imene ili ndi mafayilo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani Enter. Izi zimagwira pa Windows XP, 7 ngakhale 10. Dinani ndi batani lakumanja pa Local Area Connection, kapena pa Ethernet ngati ndi Windows 10, musankhe Properties. Pezani Internet Protocol Version 4. Pa XP pamangolembedwa Internet Protocol TCP/IP. Tsegulani Properties yake, musankhe Use the following IP address, ndipo mulembe 192.168.10.1 pa IP address, ndi 255.255.255.0 pa Subnet mask. Malo a gateway ndi DNS asiyeni opanda kanthu.

Pa laputopu yachiwiri chitani chimodzimodzi, koma nambala yake ikhale 192.168.10.2. Zikafanana zonse ziwiri, Windows idandaula ndipo palibe chimene chiyende.

Ena amadumpha zimenezi, poti Windows ikasowa rauta imadzipatsa yokha nambala yoyamba ndi 169.254. Zoonadi, zimatha kugwira. Koma nambalazo ndi zazitali, zimachedwa kubwera, ndipo muyenera kuzifufuza ndi lamulo la ipconfig. Kulemba zanu n'kwachidule.

Tsegulani chitseko

Chingwe sichivuta kwenikweni. Chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi Windows, imene imaona kulumikizana kotereku ngati netiweki yachilendo, n'kuiika m'gulu la Public, n'kutseka zonse. Pa Windows 7 ndi 10 pitani ku Control Panel, Network and Sharing Center, kenako Change advanced sharing settings. M'chigawo cha Public yatsani network discovery ndi file and printer sharing. Ambiri amayatsa m'chigawo cha Home kapena Private chokha, n'kumadabwa kuti bwanji sizikutheka.

Pa tsamba lomweli pali password protected sharing. Ikakhala yoyaka, laputopu inayo idzafunsidwa dzina ndi pasiwedi za akaunti ya pa laputopu ino, ndipo akaunti yopanda pasiwedi Windows siilola kulowa kudzera pa netiweki. Ndiye sankhani: ikani pasiwedi pa akauntiyo, kapena muzimitse chitetezochi kwa kanthawi. Poti pa chingwepo pali makina anu awiri okha, kuzimitsa kulibe vuto, bola mukumbukire kuyatsanso.

Tsopano yesani. Pa laputopu yachiwiri dinani Windows ndi R, lembani cmd, ndipo pa tsamba lakudalo lembani ping 192.168.10.1. Mukaona mizere ya "Reply from 192.168.10.1", makina akumvana. Mukaona "Request timed out", onaninso manambala aja, kenako firewall, chitetezo chotchinga zolowa pa netiweki. Antivairasi ina imabwera ndi firewall yakeyake, ndipo pa laputopu yogulidwa kwa munthu wina mutha kupeza ziwiri zikulimbana. Iyimitseni mpaka mumalize.

Mukatha apo, sonkhanitsani zofunika kusamutsa mu foda imodzi pa laputopu yakale. Pa Windows 7 dinani fodayo ndi batani lakumanja, Share with, Specific people, musankhe Everyone, Add, Share. Chilolezo cha Read n'chokwanira, ndipo n'chabwino chifukwa laputopu inayo siingafufute kanthu mwangozi. Pa XP ndi Sharing and Security, kenako Share this folder on the network.

Pa laputopu yolandira dinani Windows ndi R, mulembe \\192.168.10.1, timizere tiwiri topendekera kumanzere kutsogolo kwa nambala, n'kudina Enter. Foda ija ioneka. Musavutike kuisaka pansi pa Network, chifukwa kumeneko makina amatha kuchedwa kuoneka kapena osaoneka n'komwe, makamaka ngati dzina la gulu la makina, la workgroup, likusiyana. XP Home imabwera ndi MSHOME pomwe enawo ndi WORKGROUP. Kulemba nambala kumadumpha zonsezo.

Ngati ina ndi XP, ina ndi Windows 10

Apa ping ikhoza kuyankha bwinobwino koma foda n'kukana kutseguka. XP imagawana mafayilo ndi njira yakale yotchedwa SMB1, ndipo kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1709, wa mu 2017, Microsoft inayamba kuichotsa njirayi. Chifukwa chake n'chomveka: vairasi ya WannaCry ya mu 2017 inalowera pomwepo, ndipo XP inasiya kuthandizidwa mu 2014. Kuti zitheke, pa Windows 10 dinani Windows ndi R, lembani optionalfeatures, pezani SMB 1.0/CIFS File Sharing Support, muchonge pa Client, muzimitse laputopu n'kuiyatsanso. Mukamaliza ntchito bwererani mukachotse chongacho. Pakati pa XP ndi Windows 7 vutoli palibe.

Koperani, musadule

Gwiritsani ntchito Copy, osati Cut. Mabatire a malaputopu akale ambiri anafa kalekale, ndipo magetsi akathima muli pakati, mumafuna kuti zonse zikhale zikadalipo pa laputopu yakale. Pitaninso ku Power Options muletse makina onse kugona, chifukwa imodzi ikangogona kukopera kumaduka.

Pa bowo la 100 Mbps yembekezerani ma MB 10 kapena 11 pa sekondi, kutanthauza pafupifupi mphindi 15 mpaka 20 pa 10 GB ya mavidiyo. Zithunzi ndi timakalata tambirimbiri timachedwa kuposa apo, poti fayilo iliyonse imatsegulidwa ndi kutsekedwa payokha. N'chifukwa chake ndi bwino kukopera foda imodziimodzi, kuyambira zimene simungazipezenso kwina. Nyimbo ndi mafilimu zidikire.

Foda iliyonse ikatha, dinani Properties mbali zonse ziwiri, mufananitse Size ndi chiwerengero cha mafayilo. Tsegulaninso zithunzi zingapo ndi kalata imodzi kapena ziwiri, muone ndi maso anu. Musafufute kanthu pa laputopu yakale musanachite zimenezi. Mapulogalamu monga Microsoft Office sasamuka ndi kukopera, amafunika kuwaikanso mwatsopano.

Musanachotse chingwe, bwererani ku ncpa.cpl pa makina onse, mubwezeretse pa Obtain an IP address automatically ndi Obtain DNS server address automatically. Mukaiwala, tsiku limene mudzalumikize laputopuyo ku rauta ya kuofesi idzakana intaneti. Kenako chotsani Share pa foda ija, muyatsenso password protected sharing ndi antivairasi, ndipo m'chigawo cha Public muzimitse zimene munayatsa zija.