Konzani nyumba mvula isanagwe, ndipo yambirani padenga

Chaka chilichonse mvula ya chizimalupsa ikangogwa, m'mashopu a zomangira pa Dedza boma, pa Lizulu ndi pa Ntcheu mumadzaza anthu ofuna misomali, phula ndi simenti. Apo n'kuti madzi atalowa kale, mphasa itanyowa, thumba la chimanga litayamba kuchita chuku. Ntchito yoti mukanaigwira tsiku limodzi mu Seputembala kapena Okutobala mumaigwira mothamanga, malata akuterera. N'chifukwa chake ndati tikambirane panopa, dzuwa likadaswa mtengo, za ntchito zimene mwini nyumba angagwire yekha osaitana mmisiri.

Pamene madzi akudonthera si pamene alowera. Amalowa pabowo la msomali kumtunda, n'kuyenderera ndi mtanda, kukagwera pakama. Munthu amakwera, kumata pamwamba pa kama, mawa lake n'kudonthanso. Ndiye chitani izi: masana dzuwa lili paliwombo, lowani m'nyumba, tsekani zitseko ndi mawindo, yang'anani kumwamba. Ngati mulibe siling'i, bowo lililonse lioneka ngati nyenyezi. Lowetsani kaudzu pabowopo kuti mukakwera mukapapeze msanga.

Mabowo ambiri amene ndimawaona m'midzi ndi a misomali yokhomedwa pamalo olakwika. Lata lili ndi msana ndi chigwa. Msomali umakhomedwa pamsana, chifukwa m'chigwamo ndi modutsa madzi. Anthu amakonda m'chigwa poti m'mosavuta ndipo lata silipindika, koma kumeneko n'kuboola mtsinje pansi. Msomali ukhale wa malata weniweni, wachipewa, ndipo pansi pa chipewacho pakhale kamphira. Kakasowa, dulani kuchubu chakutha cha njinga, kamagwira bwino lomwe. Msomali umene wasukusika musangoumenyanso, thabwa lake lafumbwa kale pamenepo. Uzuleni, khomani wina pamsana woyandikana nawo, bowo lakalelo mulitseke ndi kansalu konyika m'phula. Musanamate, palani dzimbiri ndi fumbi. Phula siligwira padothi.

Mukamasintha lata lonse, latsopanolo lilowe pansi pa la kumtunda masentimita 15 mpaka 20, ndipo m'mbali lipitirire mnzake msana umodzi ndi theka. Pogula kumbukirani kuti nambala ya geji ikakhala yaing'ono lata ndiye lochindikala: la 28 ndi lolimba kuposa la 32. Ambiri amaganiza mosemphanitsa.

Pokwera, dikirani mame aume koma malata asanatenthe. Pondani mumzere wa misomali, popeza pansi pake ndi pamene pali mtanda. Wina agwire makwerero pansi, ndipo akhale wamkulu, osati mwana amene akuyang'ana mpira. Pamene waya wa ESCOM walowera m'nyumba musayandikirepo ndi lata m'manja. Za magetsi zonse zisiyireni odziwa, pamenepo palibe zoyeserera.

Mphepo yobwera ndi mvula yoyamba ndi imene imasasula madenga kuno kumapiri. Miyala ndi njerwa zimene timasanjika pamwamba sizithandiza kwenikweni, ndipo denga likanyamuka zimagwera anthu. Chogwira denga ndi waya wokulunga phaso n'kutsikira m'khoma mizere ingapo ya njerwa. Zungulirani nyumba muone ngati wayayo sanaduke ndi dzimbiri, makamaka m'makona ndi m'mphepete, pamene mphepo imayambira kutukula. Amene denga lanu ndi laudzu mukudziwa kale kufolera kuposa ine; ndingokumbutsa kuti pulasitiki wa chaka chatha akhoza kukhala atauma n'kung'ambika, ndipo udzu upitirire khoma mokwanira kuti madzi asatsikire pachipupa.

Tsopano tibwere pansi, pamene ambiri saganizapo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Nyumba ya mamita 8 kwa 6 ikalandira mvula ya mamilimita 20 usiku umodzi, denga lake litsitsa malita 960, ndiye kuti ndowa 48 za malita 20. Madzi onsewo amagwera mumzere umodzi m'tsinde mwa khoma. Amakumba, amathovukira pachipupa, njerwa za pansi n'kumafewa. Makoma ambiri amene amagwa mu Januwale ndi Febuluwale amayambira kudyeka pansi pomwepa, denga lili bwinobwino.

Choncho kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, kuseri komwe, osati kumaso kokha kumene alendo amaona. Thirani dothi, tsendereni ndi chipika, lipendekere kunja. Pamene madzi a padenga amagwera yalani miyala kapena zidutswa za njerwa. Miyala kuno sitisowa. Kenaka kumbani kangalande kotengera madziwo kutali. Kwa amene munamanga pamtsetse, monga zilili m'madera ambiri a Bembeke ndi Tsangano, ngalande yofunika kwambiri ndi ya kumtunda kwa nyumba, yopatutsa madzi ochokera kuphiri asanafike pakhoma. M'mphepete mwake dzalani vetiva agwire dothi.

Madziwo apite kuti? Asalunjike kuchimbudzi, dzenje lingagumuke. Asalunjikenso pabwalo la mnansi, milandu yotere yatopetsa mafumu. Ine ndimalangiza kukumba dzenje lotakasuka mamita angapo kuchokera panyumba, kuthiramo zinyalala zowola ndi manyowa, n'kudzala nthochi m'mbali mwake. Madzi amene akanagwetsa khoma asanduka mkoko wa nthochi. Mabedi a mpiru ndi kabichi a kuseri kwa nyumba akhale okwera nthawi ya dzinja, ndipo adutse chopingasa mtsetse, asatsate kumene madzi akulowera.

Pomata pamene pulasitala wagwa, cholakwika chimakhala chimodzimodzi kulikonse: mchenga wadothi, ndi kusathirira. Finyani mchenga wonyowa m'dzanja. Ukagwirana ngati nsima n'kudetsa chikhatho, muli dothi, ukatengeni wina wa kumtsinje. Sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa zinayi kapena zisanu za mchenga wosefa, poyeza ndi ndowa imodzimodziyo, osati ndi maso. Gogodani khoma ndi chigwiriro cha chipande; pamene pakulira ngati ng'oma pafufuma kale, gwetsanipo. Sesani, nyowetsani khoma, kenaka matani. Kandani wokwanira kumaliza pa ola limodzi, chifukwa simenti ikayamba kugwira, kuwonjezera madzi n'kuipha. Mukatha muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa, ndipo kutentha kwa Okutobala kumaiumitsa isanakhwime.

Pakhoma la zidina musataye simenti yanu. Simagwirana bwino ndi dothi, imadzasendeka ngati khungwa, ndipo chinyezi chimabisala kuseri kwake. Zirani ndi dothi losakaniza mchenga monga amachitira amayi athu, chaka ndi chaka.

Ming'alu ing'onoing'ono ngati tsitsi ndi ya pulasitala chabe. Koma mng'alu wolowa chala, wotsata njerwa ngati masitepe kuchokera pakona ya windo kapena pansi, umenewo ukunena za maziko. Lembani ndi pensulo pamene wathera, muikepo ndi tsiku. Pakapita milungu iwiri kapena itatu utapitirira chizindikirocho, itanani mmisiri, ndipo ana asagone m'chipinda chimenecho. Kumata pamwamba n'kudzinamiza.

Nthambi za mango, mapeyala kapena mapichesi zimene zaweramira padenga zidulidwe panopa. Masamba akaunjikana m'zigwa za malata amasunga chinyezi, dzimbiri n'kuyamba. Nthambi yaikulu yambani kuicheka kunsi pang'ono musanaidule kumwamba, kuti pogwa isasende khungwa la mtengo, ndipo imangeni chingwe isagwere palata. Sowo imadula bwino kuposa chikwanje, bala lake limapola msanga.

Pomaliza kuzungulira, chotsani nkhuni, mapesi ndi mulu wa manyowa zimene zatsamira khoma. Mmenemo ndi modutsa chiswe. Yang'anani timizere tadothi tokwera pachipupa kulowera kumafelemu ndi kumapaso. Tiphwanyeni, mubwerenso pakatha masiku atatu. Mukapeza tamangidwanso, tsatirani kumene tikuchokera, kawirikawiri ndi chitsa chakale chokwiririka pafupi ndi nyumba, ndipo chikumbeni chonse. Mitengo ya mpanda kapena ya khola imene mukuzika chaka chino iwaulidwe kunsi pamoto kapena ipakidwe oilo wakutha wa galimoto, koma oiloyo asatayikire pafupi ndi chitsime kapena m'mabedi a ndiwo.