Momwe mungasiyanitsire zimene mukudziwa inu ndi zimene akudziwa mtengambali wanu pa Dungeons & Dragons

Kuno ku Nchalo timasewera Dungeons & Dragons Loweruka madzulo dzuwa likapepa, chifukwa masana a mu Okutobala pakhonde la malata sipakhalika. Ndi masewera a nthano: wosewera aliyense ali ndi mtengambali wake, munthu wa m'nkhani amene amamuyendetsa, ndipo dayisi ndiyo imagamula ngati chimene wayesa chatheka. Tilipo asanu, ine ndiye DM, woyendetsa nkhani. Masewerawa anawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, koma ife timatsata malamulo a mu 2014, aja a Basic Rules amene Wizards of the Coast inaika pa intaneti mwaulere. Za kapangidwe ka mtengambali sindikambapo, amene mwafika pano munadutsa kale pamenepo. Chimene chimatiyambanitsa kwambiri ndi chimene amati metagaming: wosewera kuchititsa mtengambali wake zinthu potengera zimene iye mwini wamva atakhala pampando, pomwe mtengambaliyo sanazione kapena kuzimva.

Agogo akamati "padangotero", tonse tinkadziwa kuti Kalulu akumupusitsa Fisi, koma panalibe mwana wothamangira kukamutsina khutu Fisiyo. Pa tebulo chovuta n'chakuti Fisi ndiwe wemwe, ndipo chiwembu chonse wachimva.

Yambani ndi kugwirizana funso limodzi musanaponye dayisi ngakhale kamodzi: "Wadziwa bwanji?" DM ali ndi ufulu wofunsa aliyense nthawi iliyonse, popanda kukwiyirana. Yankho likapezeka m'nkhani, wosewera apitirize. Kuti yankholo lizipezeka msanga, aliyense alembe kuseri kwa pepala lake zinthu zitatu: kumene mtengambali wake anakulira, ntchito imene ankagwira, ndi choopsa chimene anachionapo ndi maso. Msodzi amene anakulira m'dambo ngati la Elephant Marsh amadziwa khalidwe la ng'ona ndi mvuu osaponya dayisi. Koma za mwambo wa kunyumba ya mfumu yaikulu asatiuze kanthu.

Kenako zilombo. Aliyense amene anasuzumirapo m'malamulo amadziwa kuti troll imabwezeretsa mapointi 10 a moyo nthawi yake yosewera ikamayamba, pokhapokha itapsa ndi moto kapena asidi. Ndiye chilombocho chikangotulukira, munthu amene mtengambali wake ndi mlimi wa thonje wayamba kale kufunafuna muuni. Apa muponyetseni dayisi ya mbali 20 yoyesa Intelligence, nzeru za mtengambali, mulingo woti afikepo uikeni pa 15. Akafika, anamvapo kwa akuluakulu, ayatse. Akalephera, ayambe wamenya ndi chimene ali nacho, inu mufotokoze kuti bala likutsekeka iye akuona. Ataona zimenezo kawiri, kuyesa moto ndi nzeru za munthu aliyense, musamuletse. Ine sindigwirizana ndi ma DM okakamiza anthu kukhala zitsiru mpaka mtengambali kufa. Mukatopa nazo, sinthani chilombocho mwakachetechete: yanga ina inkaopa mchere.

Kunena za dayisi, ya mbali 20 kuno ndi yosowa. Mnyamata wina pa intaneti anati ali ndi seti yonse ya madayisi 7 ku Blantyre. Ndinatumiza ndalama pafoni, n'kulipiranso kondakitala wa minibasi, koma m'kaphukusi munatuluka madayisi a Ludo, a mbali 6 onse. Nambala yake siinapezekenso. Musalipire musanaone katundu. Tolani zitsekerero za mabotolo 20, lembani manambala 1 mpaka 20 mkati mwake, ikani m'kathumba ka nsalu, wosewera azipisa dzanja osayang'ana. Kumbukirani kubwezeramo chimene chatuluka.

Tsopano zinsinsi, pamene ine ndinagwa chagada. Ndinakonza nkhani kwa milungu iwiri: gulu liwoloke mtsinje usiku pa bwato, koma wopalasa analandira ndalama kuti aligudubuze pakati pa madzi. Mlamu wanga, amene mtengambali wake ndi mbala, anatsogola yekha kudooko n'kubisala m'mabango. Anaponya bwino, ndiye ndinafotokoza zonse zimene anamva, mokweza, anthu onse ali pomwepo akukukuta chimanga chootcha. Pobwerera mbalayo inagwidwa n'kumangidwa isanauze munthu.

Otsalawo anafika kudooko, wopalasa n'kuwalonjera mwaulemu. Pomwepo msilikali wa achimwene anga, amene sabata yapitayo anasambira kuwoloka dziwe atavala zida zonse, anayamba kuopa madzi.

"Achimwene, mwadziwa bwanji kuti bwatoli ndi loipa?"

"Sindinanene kuti ndi loipa. Mtima wanga sukufuna basi."

Mphunzitsi mnzathu wa ku Ngabu anati mtengambali wake analota maloto oipa. Wachitatu anafunsa ngati kumtunda kulibe mlatho. Tinakangana mpaka mdima, bwato silinakwerewe, milungu iwiri ija inapita m'madzi yokha. Ndinawakwiyira, koma wolakwa ndinali ine. Munthu ukamuuza kuti m'phala muli mchenga, ngakhale alumbire kuti waiwala, amadya mosamala ndithu.

Chinsinsi chizipita kwa mwini wake yekha. Ine ndimadula timapepala ta m'kope lakale, ndimalemba, ndimapinda, ndimapereka. Koma apanso ndinapunthwa: sabata yoyamba kapepala kakangopita kwa mlamu, onse ankagwira zida, poti kapepala kanasanduka chizindikiro cha tsoka. Mankhwala ake ndi kugawa timapepala tambiri topanda pake. Wina alandire kakuti "udzudzu wakuluma pakhosi", wina kakuti "ukumva fungo la nsomba zouma", wina kopanda kanthu. Pakatha masabata awiri palibenso amene amatekeseka. Ngati nkhaniyo ndi yaitali, mutengereni wosewerayo pansi pa mtengo wa nimu, koma mphindi ziwiri zokha, otsalawo angayambe kukamba za mpira. WhatsApp tinayesa, siinatithandize: wina alibe bandulo, wina foni yathima poti magetsi anazima m'mawa, ndipo amene watsegula foni sabwereranso msanga.

Maponyedwe ena aziponya DM mobisa, makamaka ofufuza misampha ndi oyesa ngati munthu akunama. Wosewera akaona yekha kuti wapeza 3, inu n'kunena kuti palibe msampha, onse amati "nanenso ndiyang'ane". Ponyani kuseri kwa katoni, muwauze zimene mtengambali waona basi. Nthawi zina ponyani popanda chifukwa.

Amene walowetsa mtengambali wake m'mavuto akudziwa bwino kuti ndi mavuto, mupatseni Inspiration, mphotho yomulola kudzaponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yaikulu, pomwepo anzake akuona. Gulu likagawikana, amene palibe pamalopo asalangize. Akabwerezabwereza, kambani naye masewera atatha, osati pagulu.

Zina zonse muzidzaziona mukamasewera. Timapepala muzitentha mukamaliza, mlamu ndinamupeza akutolera ta anzake pansi pa tebulo. Wopalasa bwato uja sindinamutaye, pano akuyendetsa ngolo ya ng'ombe ndipo gulu lamulemba kale ganyu yopita nalo kumsika Loweruka likubwerali. Achimwene, ngati mwawerenga mpaka pano n'kukana kukwera ngoloyo, funso mukulidziwa.