Kutsutsana ndi mphwanu wa ku yunivesite popanda kudana

Mphwanu akabwera ku tchuthi n'kuyamba za jenda ndi kuponderezana, musamudule pakamwa, amalume anzanga. Mufunseni kaye: "Iwe, kuno ku Senga Bay woponderezedwayo ndi ndani?" Akaloza amayi oyanika usipa pathandala pamene mabwato ambiri ndi a amuna, vomerani, pamenepo walasa.

Koma akati woganiza mosiyana asapatsidwe mpata wolankhula, kanani ndithu. Mukumbutseni za 2011, pamene aphunzitsi a ku Chancellor College ananyanyala ntchito apolisi atapanikiza mphunzitsi mnzawo Blessings Chinsinga ndi mafunso pa zomwe anaphunzitsa m'kalasi. Ufulu ankamenyerawo ndi wa wotsutsa yemwe.

Zachipani zikalowa, mtundu wa munthu ndi chigawo chake musazitchule. Ine ndimamuitanira pabawo madzulo, chifukwa manja akatanganidwa mawu sakwera.